Tchati cha Tulo ta Tiya

Lolemba

Kalata yochokera kusukulu. Ndaipeza pansi pa chitini cha shuga, pomwe ine ndi mwana wanga Tiya timasiyirana mauthenga. Aphunzitsi a kalasi yake, a Kamanga, alemba ndi cholembera chofiira kuti sabata yathayi Tiya wagona m'kalasi masiku anayi mwa asanu. Tsiku lachisanulo kunali masewero.

Lachinayi akuti anagona ali chiimire, pa asembule, mapemphero ali mkati. Anzake atanena ameni iye sanatsegule maso.

Mwana wa namwino ameneyo. Ine amene ndimaima kusikelo n'kumauza amayi anzanga kuti mwana amakula ali m'tulo.

Choipitsitsa n'chakuti a Kamanga anaphunzira koleji imodzi ndi achimwene anga a ku Nathenje, nawonso aphunzitsi. Ndiye nkhani yafika ku Nathenje isanafike pansi pa chitini. Ndisanavule n'komwe nsapato, foni yalira.

"Make Tiya, mwana wa zaka 14 sagona yekha m'nyumba. Ndibwera Lamulungu. Ndikapeza kuti sizinasinthe ndimutenga, malo kusukulu kwathu kuno alipo."

Ndi amalume ake, mbumba ndi yawo, akalankhula alankhula. Bambo ake a mwanayu chipitireni ku Joni nambala yawo inasiya kugwira, ndiye palibe woti ndingakabisale kumbuyo kwake. Ndayankha kuti chabwino achimwene. Nditadula foni ndayankha zina zomwe sindilemba muno.

Tiya sapita kulikonse. M'nyumba muno tilimo awiri basi. Akachoka ndizilankhula ndi ndani, khoma?

Vuto ndi lakuti sabata ino ndilinso pa naiti, ngati yathayi, poti mnzathu wina ali pa tchuthi cha uchembere ndipo pa wodi tatsala ochepa. Ndimanyamuka 4 koloko madzulo iye asanafike. Ndimafika 8 koloko m'mawa iye atapita. Tikakumana timakumana pamsewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, iye mu yunifomu yake ine mu yanga, moni wa mphindi ziwiri.

Komabe wodi yathunthu ndimaigoneka usiku uliwonse, azibambo a ndevu ndi agogo amakani omwe. Kamwana kamodzi kangandikanike?

Ndondomeko. Ndalemba kuseri kwa kalendala n'kumata pa chitseko cha kuchipinda kwake:

1. Chakudya 6 koloko.
2. Mabuku atsekedwe hafu seveni.
3. 8 koloko magetsi azime, maso atseke.
4. Foni ndi yoyankhira ine basi.
5. Tiyi madzulo ayi.
6. Palibe kukambirana.

Pansi pake ndajambula tchati ngati cha kumapazi kwa bedi la wodwala: tsiku, nthawi yogona, nthawi yodzuka, ndemanga. Mizere ndajambula ndi rula. Usiku ndizimuimbira kuti ndione mmene zikuyendera, chifukwa wodwala sumangomusiya, umamuzungulira. Lamulungu achimwene adzawerenge okha.

Lachiwiri

Lipoti la usiku wapitawu.

9 koloko: ndaimba. Wayankha foni isanamalize kulira koyamba. Ndiye kuti sanagone. Ndamukalipira.

11 koloko: ndaimba. Yalira nthawi yaitali. Mawu olemera: "Amayi, ndinagona." Zabwino kwambiri. Ndalemba pa kapepala kuti 11 koloko ali m'tulo.

1 koloko: ndaimba kuti nditsimikize ngati anagonanso. "Ndimati ndizigona."

3 koloko: sakuyankha. Ndaimba katatu.

Pamenepo mutu wayamba kundiuza nkhani. Akuba. Moto. Mwina kwazizira walowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera. Ndaimbira Anaphiri, aneba athu ophika mandasi, poti iwo nthawi imeneyo amakhala atadzuka kale. Apita ndi tochi, agogoda pa zenera, agalu a mzere wonse auyamba, bambo a nyumba yachitatu atuluka ndi chikwanje atafunda chitenje cha akazi awo. Tiya anali m'tulo. Anali.

M'mawa pansi pa chitini: "Amayi, pa tchati ndilembe nthawi iti? Ndagona kanayi."

Chipongwe anatengera kwa bambo ake. Kuwodi timachita chimodzimodzi, kudzutsa munthu kuti timuyeze, ndipo palibe amadandaula. Ayi, amadandaula, koma sandilembera makalata.

Tulo tanga lero, poti nanenso ndine munthu:

9 mpaka 10, chigayo cha kuseri.
10 mpaka 11, wogulitsa mankhwala a makoswe ndi chimkuzamawu chake, waima pa geti pathu penipeni.
11 mpaka 12, ndagona. Ndalota ndili ku ntchito.
12 koloko, mayi wina wagogoda. Akuti anamva kuti pano pali namwino, ndimuone mwana wake zidzolo.

Ndaganiza mofatsa. Vuto si ine, vuto ndi foni. Ikakhala m'manja mwa Tiya amaigwiragwira, ikakhala m'manja mwake ine ndimaimba. Ndiye ndiitenge, ndizipita nayo ku ntchito. Kuzungulira wodwala ndawasiyira Anaphiri. "Musadandaule Anesi, ndizimuyang'anira ngati wanga."

Ndakumana ndi Tiya pa tomato paja. Ndatambasula dzanja, wandipatsa foni, wapitirira. Ndikanakonda akanalimbana nane pang'ono, bwenzi titaima limodzi nthawi yotalikirapo.

Lachitatu

Ine si munthu wowerenga mafoni a anthu. Ndawerenga yonse.

Si dala. Ili m'chikwama changa pansi pa tebulo la ku wodi, usiku wonse ikungonjenjemera ngati ili ndi malungo. Ndaitulutsa kuti ndiizimitse. Ndinkayembekeza kupeza mnyamata. Alipo mmodzi, koma uthenga wake uliwonse ndi wopempha manotsi a Biology. Wopanda nzeru.

Chomwe chikunjenjemera ndi gulu la kalasi yawo. Nthawi itadutsa 12 koloko wina walemba: "Ndani ali maso?" Ndiye ayamba kuyankha ngati akuitanidwa maina.

Wina akusankha fodya ndi bambo ake m'shedi, tochi ali nayo kukamwa.
Wina ali kudimba, akulondera tomato.
Wina akuti kamng'ono kake kakhanda kakulira kuyambira dzulo.
Awiri aviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, akuwerengera mayeso a Lachisanu. M'nyengo yozizira ino!
Wina sanatchule chifukwa. Wangotumiza chithunzi cha denga.

Kenako: "Tcheya wathu ali kuti lero?" "Tiya wasowa." "Msonkhano utsegula ndani?"

Mwana wanga ndi tcheya wa osagona a Fomu 2.

Ndabwerera m'mbuyo, masiku ndi masiku. Usiku uliwonse woyamba kulemba ndi iye, ndipo mawu ake ndi omwewo: "Ndili ndekha. Alipo?" Masabata ena salemba ngakhale kamodzi. Ndayerekeza ndi ndandanda ya mashifiti yomwe ili pakhoma. Masabata omwe salemba ndi omwe ine ndimagona pakhomo.

Zandipweteka. Ndakhala pa mpando paja, dripi ya wodwala wa pa bedi loyamba ikudontha. Kenako ndakwiya, poti kukwiya ndiko ndimakudziwa bwino. Ndalemba m'gulumo:

"Ana inu, ndine mayi ake a Tiya, ndine namwino. Tulo ndi tofunika pa ubongo. Gonani nonse tsopano lino."

Mmodzi wayankha: "Pepani madamu." Kenako foni yandiuza kuti nambalayi yachotsedwa m'gulu.

Ndadikira mpaka 4 koloko kuti mwina aibwezeramo. Ndinayambanso kuda nkhawa ndi wa kudimba uja, kaya anafunda chiyani.

Madzulo pa tomato. Tiya ndamuuza ndekha, poti akanamva kale kusukulu. Inde anamva kale. Ndamupatsa foni, wawerenga uthenga wanga, wandibwezera.

"Ingosungani, Amayi. Mulibemo kanthu tsopano."

Ndamugulira nthochi. Wanyamula ngati ndamutuma.

Lachinayi

Ndisanalowe n'komwe m'nyumba, Anaphiri ali pa mpanda ndi lipoti lawo.

"Anesi, ndamuzungulira katatu monga munanenera. Ndikagogoda ndikuti wagona, akumayankha kuti ayi."

Ndiye 3 koloko, poona kuti mwana ali maso, amutengera kukhitchini kwawo. "Sanagwire ntchito ayi, musakwiye. Amangokhala pa moto ine ndikukazinga. Tacheza mpaka kunja kuyera. Komatu mwana wanu ndi wanthabwala, nthiti zandiwawa."

Wanthabwala. Ine chaka chino sindikukumbukira nthabwala yake ngakhale imodzi. Ndathokoza Anaphiri, ndawachotsa ntchito mwaulemu. Andipatsa mandasi awiri, ndadya ndili chiimire, ndi nsanje.

M'nyumba, pansi pa tebulo: beseni langa lochapira, madzi ali momwemo, masokosi ake pambali. Foni ndamulanda, walowa m'mabuku. Beseni ndalibisa pansi pa bedi langa.

Apa ndaona poyera kuti wolakwa ndi sukulu. Ndi iwo amauza ana kuti wofuna kukhoza aziwerenga anzake akugona. Mawa lake ndi iwonso akulemba makalata ofiira. Ndanyamuka pompo, yunifomu osavula, kuti andione kuti ndine ndani. Njira yonse ndikukonza mawu. Mfundo zitatu, yachitatu yopweteka.

A Kamanga ali m'kalasi. Andiuza kuti ndidikire pa benchi kunja kwa ofesi ya aphunzitsi. Benchi lake lili padzuwa, kadzuwa kaja kofunda bwino ka m'mawa.

Ndadzidzimuka ndi belu. Ndagona chammbali, nsapato imodzi yavuka, tsaya lili pa thabwa. Ana a Fomu 1 andizungulira, ena akudya chinangwa. Wina akunong'ona: "Ndi mayi ake a tcheya." Chapatali Tiya waima, wanyamula chikwama changa chomwe chinagwa.

A Kamanga aima pakhomo, manja kumbuyo. "Musavutike kufotokoza, Anesi. Tsopano ndamvetsa."

Mfundo zitatu zija sindinatchule ngakhale imodzi. Ndawapatsa moni, ndafunsa za kunyumba, ndabwerera.

2 koloko uthenga wochokera ku Nathenje. Liwu limodzi: "Ndamva."

Manyazi ndili nawo, koma choposa manyazi ndi mantha. Kwatsala masiku atatu. Pa tchati palibe cholembedwa kupatula funso lija la Lachiwiri, lomwe Tiya walikopera bwinobwino m'bokosi la ndemanga.

Lachisanu

Beseni ndinabisa. Waviika mapazi m'poto wa nyemba.

Koma lero zinthu zisintha. Ndapempha mnzanga wa pa wodi kuti andigwirire usiku wa lero, ine ndidzamugwirira wake tsiku lina. Wavomera akung'ung'udza. Usiku umodzi wokha, koma ndikhala pakhomo ine mwini, wodwala ndimuona ndi maso anga.

Ndiye sindinagone masana, nanga ndigonerenji poti usiku ndigona ngati anthu. Ndapita kumsika. Ndagula nkhuku, mpunga, mapeyala awiri. Ndakolopa. Ndachapa makatani omwe sanalakwe kanthu.

Dongosolo la madzulo ano:

5 koloko, afika, tiphike limodzi.
6 koloko, tidye pa tebulo, osati aliyense ndi mbale pamwendo.
Kenako ticheze. Ndimufunsa za mayeso. Ndimupepesa za gulu lija, mwina. Andiuzeko nthabwala imodzi mwa zomwe anauza Anaphiri.
8 koloko, ndizimitse magetsi ndi dzanja langa.

Ndikusangalala ngati kukubwera mlendo. N'zomvetsa chisoni kulemba choncho za mwana wobereka wekha, koma ndi mmene zilili.

Nkhuku ili pamoto. Ndikhale kaye pampando pang'ono, miyendo ikuwawa.

Loweruka

Ndadzuka 6 koloko m'mawa. Pampando pomwepo. Khosi lauma. Wina wandifunditsa bulangete n'kundivula masilipasi.

Nkhuku anamaliza kuphika yekha. Wadya yekha, pambali pangapa, ine ndili kukamwa yasa. Gawo langa wavindikira ndi mbale, wandisiyira chiwindi. Usiku umodzi womwe ndinachita kupempha, ndaugona wonse. Ndalira pang'ono ku bafa, madzi akutuluka kuti asamve.

Koma pansi, pafupi ndi mpando wanga, pali mphasa, pilo ndi bulangete lake. Sanagone kuchipinda. Ndipo pa tchati, kwa nthawi yoyamba, mzere wadzadza:

"Lachisanu. Kugona: 8 koloko. Kudzuka: hafu faifi. Ndemanga: namwino ankaliza mkonono."

Wagona usiku wonse osadzidzimuka. Popanda kumuimbira, popanda Anaphiri, popanda lamulo lililonse mwa asanu ndi limodzi aja. Chomwe ndachita ine ndi kupuma mokweza m'chipinda chimodzi ndi iye.

Ndayamba kuwerengera ngati zingatheke kumapempha chonchi kawirikawiri. Sizingatheke. Mnzathu wa uchembere uja abwerera pakatha miyezi iwiri, ndipo ngakhale abwere, naiti siitha. Mtsikana woti azigona naye ndinayesapo chaka chatha, anakhala masabata atatu n'kukwatiwa. Anaphiri nyumba yawo ndi chipinda chimodzi, anthu asanu.

Tachapa limodzi kuseri. Iye akutsukuluza, ine ndikufinya. Ndafunsa ndikuyang'ana malaya, osati iye.

"Ku Nathenje ukufunako?"

Watsukuluza kaye siketi yonse.

"Nanga inu muzikhala ndi ndani?"

Sananene kuti ayi. Ndadikira, mwina awonjezera. Wapita kukayanika.

Masana wapita ku kwaya. 4 koloko ine ndavala yunifomu. Foni ndamusiyira pa tebulo, ngakhale mulibemo kanthu. Ndatseka geti, ndayenda pang'ono, ndabwerera kukaona ngati ndatseka.

Lamulungu

Ndafika 8 koloko. Tiya ali pakhonde, wasamba kale, maso ofiira. Sindinafunse. Mzere wa Loweruka pa tchati ndi wopanda kanthu. Ndagwira cholembera, ndaganiza zolembapo ndekha 8 mpaka 6. Ndachibweza. Bodza la pa tchati sindinalembepo chiyambireni ntchito.

Kutchalitchi sitinapite.

11 koloko achimwene afika, pamodzi ndi alamu anga ndi atsikana awo awiri ang'onoang'ono. Minibasi ziwiri, akuti pa mphambano ya ku Bunda adikira ola lathunthu. Ndayala mphasa pakhonde, ndatulutsa mtedza. Achimwene apempha tchati. Avala magalasi, awerenga ngati akuchonga mayeso, chala chikutsika mzere ndi mzere. Pa ndemanga ya Lachisanu pakamwa pawo pagwedezeka, koma adzigwira.

Ine mawu ndakonza usiku wonse. Kuti ndondomeko ikufunika nthawi. Kuti sabata imodzi si muyeso. Kuti mwana ndi wanga.

Pamphasa phokoso lokhalokha. Atsikana aja akulimbirana mtedza, wamng'ono akulira, wamkulu akuimba nyimbo ya kusukulu mobwerezabwereza. Alamu akhazika Tiya pakati pa miyendo yawo, akumuluka tsitsi, uku akundifotokozera mokweza za mkangano wa amayi a kumpingo kwawo pa nkhani ya mapoto. Chigayo cha kuseri nacho chayamba, Lamulungu lomwe.

Mizere iwiri yokha ya tsitsi, mutu wa Tiya wagwera pa bondo la alamu. Wagona. Kamwa pang'ono yasa, mtedza uli m'manja. Wamng'ono uja wamukwera pamiyendo, iye osamva. Alamu sanasiye kuluka, sanasiyenso nkhani ya mapoto.

Ndamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhope imeneyi ndinaiona komaliza ali ku pulaimale.

Achimwene avula magalasi. Alankhula motsitsa mawu, mosiyana ndi pa foni paja.

"Make Tiya, sindinabwere kudzakulanda mwana. Ngati ukuona kuti zitheka, tiyese mwezi wina."

Andipatsa chomwe ndimafuna sabata yonse. Ndikanangogwedeza mutu.

"Mutengeni, achimwene."

Pakamwa panena pokha. Nditamva mawuwo ndadziwa kuti sindiwabweza.

Ndalongedza ine, iye akadali m'tulo. Mabuku, juzi, nsapato za kutchalitchi, mafuta odzola, bulangete lake. Chikwama chimodzi chakwana zonse, ndipo zimenezo zandikwiyitsa, kaya chifukwa chiyani. Atadzuka ndamuuza. Wandiyang'ana, wayang'ana amalume ake, wati, "Amayi, muzidya." Ndati ndizidya. Ndati ku Nathenje si ku Joni, ndizibwera. Wati akudziwa.

Pa siteji ya Mitundu minibasi ilipo koma mulibe anthu. Akhala kumbuyo, Tiya pa zenera, alamu pambali pake. Lamulungu masana kudzadza kwake n'kovuta. Ndaima panja pafupi ndi ogulitsa nzimbe. Kondakitala wandifunsa katatu ngati ndikupita, katatu ndati ndikungoperekeza.

Isanadzadze n'komwe theka, wagonanso, mutu pa phewa la alamu. Pakati pa ine ndi iye pali galasi lokha. Ndinali ndi zoti ndimuuze, zambiri, zina zofunika. Sindinagogode.

Yanyamuka hafu thili. Sanandione ndikubayibitsa. Ndabayibitsabe mpaka yakhota.

M'nyumba muli zii. Chigayo chasiya. Ndikanagona pang'ono, koma tulo palibe.

Naiti ikuyamba hafu folo. Yunifomu sindinasite.